Tesita ya kebulo ya intaneti ya mtundu wa 468: pomwe imathandiza ndi pomwe imanamiza

Kachipangizo aka kamapezeka m'mashopu a zamakompyuta ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre, kawirikawiri kali m'kachikwama kakuda ka zipi. Mayina ake ndi ambirimbiri. Pena kalembedwa NS-468, pena angolembapo kuti Network Cable Tester RJ45 RJ11, pena ngakhale dzina la kampani yopanga palibe. Musavutike nawo mayinawo, kagwiridwe kake ka ntchito n'kamodzimodzi. Ndi zidutswa ziwiri zapulasitiki zolowetsana: chachikulu chomwe chimadya batire la 9V, ndi chaching'ono chopanda batire chomwe mumachisolola n'kupita nacho kumapeto ena a kebulo. Chilichonse chili ndi tinyale tolembedwa 1 mpaka 8, kuphatikiza kena kolembedwa G.

Kwa munthu wa ku Mulanje amene kompyuta yake ya patebulo imalandira intaneti kudzera pa kebulo yochokera ku rauta, kaya ndi ya Airtel, ya TNM kapena ya Starlink, tesita imeneyi ndi yoyenera kukhala nayo m'nyumba. Intaneti ikadula, Windows imangolemba kuti Network cable unplugged, ndipo imalemba zomwezo kaya yaduka ndi kebulo, kaya lapsa ndi bowo la rauta, kaya rautayo yangozima. Ndiye munthu amamanga kompyuta pakabaza mpaka pa Chitakale, mwinanso kukwera nayo minibasi ya ku Limbe kudzera ku Midima, n'kukauzidwa kuti kompyutayo ilibe vuto lililonse. Tesita imathetsa kukayika kumeneko pasanathe mphindi imodzi. Koma imayankha funso limodzi lokha, ndipo amene saudziwa malire ake imamusocheretsa.

Mkati mwa kebulo ya intaneti muli timawaya 8, topotedwa tiwiritiwiri kupanga magulu anayi: la olenji, lobiriwira, la buluu ndi la bulawuni. Gulu lililonse lili ndi kawaya ka mtundu wokhawokha ndi kanzake koyera kokhala ndi mizere ya mtundu womwewo. Tesita ikayatsidwa imatumiza magetsi ochepa pa kawaya koyamba, kenaka kachiwiri, mpaka komaliza, n'kuyambiranso. Kanyale ka pachidutswa chachikulu kamasonyeza pomwe magetsi alowera, ka pachaching'ono kamasonyeza pomwe atulukira. Ntchito yake ili ngati ya mphunzitsi woitana mayina m'mawa: amadziwa amene wabwera, amene wajomba, ndi amene wakhala pamalo pa mnzake, koma kuitana mayinako sikumuuza amene amatha kuwerenga.

Musanayeze, zulani kebulo mbali zonse ziwiri. Ili ndi lamulo lomwe silifuna kunyengerera. Tesita yotchipayi sinapangidwe kuti ilandire magetsi ochokera kwina. Kebulo yomwe ikupita ku kamera ya chitetezo kapena ku chipangizo cha Wi-Fi chapadenga nthawi zambiri imanyamula magetsi a PoE, oyendetsera chipangizocho kudzera m'kebulo yomweyo, omwe amakhala pafupifupi 48V, ndipo kebulo ya pakati pa mbale ya Starlink ndi rauta yake nayonso imanyamula magetsi. Mukalowetsa tesita pamenepo mbali inayo ikadali yolumikizidwa, mukhoza kuiwotcha. Bowo laling'ono la RJ11 ndi loyezera waya wa telefoni ya m'nyumba, nawonso uyambe wazulidwa kukhoma.

Switchi yake ili ndi malo atatu: OFF, ON ndi S. Pa ON tinyale timathamanga kwambiri, diso silitha kutsata mbali ziwiri nthawi imodzi. Ikani pa S kuti tiyende pang'onopang'ono. Kebulo yabwino imayatsa 1, 2, 3 mpaka 8 mbali zonse ziwiri mofanana. Kanyale ka G kamayaka pokhapokha ngati kebulo ndi yokutidwa ndi chitsulo chopyapyala mkati ndipo timitu take ta kumapeto, totchedwa RJ45, ndi tachitsulo. Makebulo ambiri a m'nyumba si otero, choncho G akapanda kuyaka musataye kebulo yabwinobwino.

Nambala ikadumphidwa, kawaya ameneyo waduka kapena sakukhudzana ndi pini yake m'kamutu. Manambala akasinthana, mwachitsanzo chachikulu chikuonetsa 1 kenaka 2 pomwe chaching'ono chikuonetsa 2 kenaka 1, timawaya tinayalidwa molakwika pomanga kamutu. Timawaya tiwiri tikakhudzana, matesita ena amayatsa tinyale tiwiri pamodzi, ena amatizimitsa tonse tiwiri kumbali yaing'ono kapena kutiyatsa mozimiririka. Apa mitundu imasiyana, ndipo kapepala ka m'bokosi sikalongosola bwino. Mukaona chaching'ono chikuyenda 3, 6, 1, 4, 5, 2, 7, 8, imeneyo si kebulo yowonongeka. Ndi ya crossover, yomwe kale inkagwiritsidwa ntchito polumikiza makompyuta awiri popanda rauta. Zipangizo za masiku ano zimazindikira zokha n'kuigwiritsa ntchito bwinobwino.

Kumene tesita iyi imabwezadi ndalama zanu ndi pa vuto lomwe anthu ambiri saliganizira n'komwe kuti lingakhale la kebulo. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito timawaya tinayi tokha, ta pa mapini 1, 2, 3 ndi 6. Liwiro la 1000 Mbps, lotchedwa gigabit, limafuna tonse 8. Ndiye kawaya ka pa 4, 5, 7 kapena 8 kakaduka, intaneti siidula ayi. Rauta ndi kompyuta zimangogwirizana kutsikira pa 100, nthawi zina zitatha masekondi angapo zikulephera kugwirizana, ndipo pena zimadula n'kulumikizananso mobwerezabwereza. Pa rauta ya 4G mwina simungaone kusiyana, poti liwiro la netiweki ya foni nthawi zambiri silifika pa 100. Koma amene amalipira Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, akhoza kumataya gawo la liwiro lomwe akulipira chifukwa cha kawaya kamodzi ka bulawuni. Kuti muone liwiro lomwe zagwirizana, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani kawiri pa Ethernet, muwerenge pomwe palembedwa Speed. Ngati rauta ndi kompyuta zonse ndi za gigabit koma pakuoneka 100 Mbps, yezani kebulo. Kawirikawiri mupeza nambala imodzi yosayaka.

Imathandizanso pa makebulo omwe anadutsitsidwa kale m'khoma kapena kudenga. Lowetsani chachikulu mbali ya rauta, tengani chaching'ono kuchipinda chinacho. Ngati pali makebulo anayi otuluka pamalo amodzi ndipo palibe amene anawalemba, kuyeza imodziimodzi kumakuuzani yomwe ikupita kuchipinda chiti. Chovuta n'chakuti munthu mmodzi sangaone zidutswa zonse ziwiri nthawi imodzi. Ikani mwana mbali inayo azitchula manambala mokweza, kapena siyani foni ikujambula kanema. Poyeza soketi ya pakhoma mufunika makebulo awiri aafupi omwe mwawayeza kale n'kutsimikiza kuti ndi abwino, apo ayi mudzagumula soketi yosalakwa.

Tsopano pomwe imanamiza. Choyamba, ndiponso chofala kwambiri pa makebulo omangidwa ndi munthu wongophunzira payekha, ndi kayalidwe kolekanitsa gulu. Munthu amaganiza kuti bola mbali zonse ziwiri zifanane, ndiye amayala timawaya mwadongosolo looneka bwino m'maso: olenji awiri, obiriwira awiri, a buluu awiri, a bulawuni awiri. Tesita imayatsa 1 mpaka 8 mosalakwitsa, munthu n'kukhutira. Koma mapini 3 ndi 6 amayenera kukhala a gulu limodzi lopotana, chifukwa kupotanako ndi komwe kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi timawaya toyandikana nato. Pa kayalidwe kolakwikaka, pa 3 pali kawaya ka gulu lobiriwira, pa 6 pali ka gulu la buluu. Kebulo ya mamita awiri ikhoza kugwira ntchito choncho. Ya mamita 30 imachedwa, imadukaduka, kapena imakana kulumikiza ngakhale tinyale ta tesita tikuvina bwinobwino.

Vuto limeneli limagwidwa ndi maso, osati ndi tesita. Gwirani kamutu mapini agolide atayang'ana kwa inu, kakhwapa kotsekera kali kumbuyo, kebulo ikulendewera pansi. Kuwerenga kuchokera kumanzere, kayalidwe ka T568B, komwe n'kofala kwambiri, kamayenda motere: woyera wa olenji, olenji, woyera wobiriwira, buluu, woyera wa buluu, wobiriwira, woyera wa bulawuni, bulawuni. Chizindikiro chachangu n'chakuti wa buluu akhale wachinayi. Palinso T568A, komwe gulu lobiriwira ndi la olenji zimasinthana malo, koma buluu amakhalabe pa 4. Konse kuwiri n'kolondola malinga mbali zonse za kebulo zitsate kayalidwe kamodzi. Mukaona wobiriwira pa 4, dulani timitu tonse tiwiri mumangenso.

Chachiwiri ndi mtundu wa waya. Pamsika pali makebulo ambiri olembedwa Cat6 omwe mkati mwake si mkuwa weniweni koma aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba, wotchedwa CCA. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti ya mmene mkuwa umachitira, ndipo amathyoka msanga akapindidwapindidwa. Tesita sizindikira zimenezi, kwa iyo magetsi akangodutsa basi kwatha. Inu sendani kawaya kamodzi, mukapale ndi lumo. Mkuwa weniweni umakhala wofiirira mpaka mkati, CCA amatulutsa kuyera ngati ndalama yachitsulo. Bokosi la mamita 305 la CCA limapepukanso poyerekeza ndi la mkuwa, ndipo mtengo wotsika modabwitsa umakhala chenjezo. Pa kebulo yaifupi ya m'chipinda chimodzi CCA amayenda ndithu. Pa kamera ya PoE kapena mtunda wautali, musamuyandikire.

Utali nawo tesita siuona. Malire a kebulo ya mkuwa pakati pa zipangizo ziwiri ndi mamita 100. Ya mamita 140 idzayatsa tinyale tonse, chifukwa batire la 9V silivutika kukankha magetsi ochepawo mtunda umenewo, koma uthenga wa intaneti udzafika utafooka. Pa malo aakulu monga sukulu, loji za m'mphepete mwa phiri, kapena nyumba za m'maesiteti a tiyi zomwe ofesi ili patali ndi nyumba yaikulu, pakati pafunika switchi ya netiweki yolimbitsa uthenga, kapena kebulo ya fiber, yomwe imanyamula uthenga ndi kuwala.

Ndipo pali kudukaduka kobwera n'kupita. Tesita imakhudza kawaya kalikonse kamphindi kochepa n'kudutsa, ndiye kawaya kothyoka mkati komwe kamakhudzana kebulo ikakhala chete kamaoneka kamoyo. Poyeza, gwedezani kebulo pafupi ndi kamutu kalikonse, ipindeni pang'ono paliponse pomwe yadutsa pansi pa chitseko kapena pomwe inakhomeredwa ndi msomali wopindidwa, maso ali pa tinyale. Njira yodalirika kuposa imeneyi ili pa kompyuta pomwe. Tsegulani Command Prompt (dinani Windows ndi R, lembani cmd), lembani ping, danga, adiresi ya rauta yolembedwa pa kapepala ka pansi pake, danga, kenaka -t. Ping imatumiza uthenga ku rauta n'kumadikira yankho. Pa kebulo yabwino yankho lililonse limabwera mu 1ms kapena kuchepera apo, osaphonya. Gwedezani kebulo ping ikuyenda. Pomwe payambire Request timed out kapena General failure, mwapeza malo ake. Imitsani ndi Ctrl ndi C.

Kuno kwathu zowononga kebulo zili ndi nyengo zake. Mulanje ndi Thyolo ndi madera a mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino, ndipo ngakhale dzinja litatha chiperoni cha mu June ndi July chimasiya makoma ali chinyezi. Kamutu kokhala pafupi ndi zenera kapena pansi pa simenti kamachita dzimbiri lobiriwira pa mapini. Tesita ikhoza kuyatsabe kanyale pamenepo, mwina mozimiririka pang'ono, pomwe kompyuta yasiya kale kulumikiza bwino. Kupukuta ndi spiriti kumathandiza masiku ochepa, koma mankhwala enieni ndi kudula masentimita angapo n'kuika kamutu katsopano. Kudenga kuli makoswe, omwe amakonda kutafuna chikopa cha kebulo. Iwowa tesita imawagwira bwino, chifukwa amadula kapena kukhudzanitsa timawaya. Kebulo yotuwa kapena ya buluu ya m'nyumba ikayalidwa panja, dzuwa limaumitsa chikopa chake mpaka kung'ambika, madzi n'kulowa n'kumayenda mkati mpaka kukatulukira m'bowo la rauta. Yapanja ndi yakuda ya chikopa cholimba, ndipo ngakhale imeneyo ndi bwino kuidutsitsa m'paipi, n'kuisiyira kotsetsereka isanalowe m'khoma kuti madzi azidontha panja.

Mphenzi ndi nkhani ina, ndipo apa tesita imathandiza mwa njira yokhotakhota. Mphenzi siyenera kugwera nyumba yanu kuti iwononge. Ikagwa pafupi, kebulo yaitali, makamaka yodutsa panja kuchokera nyumba ina kupita ina, imatola mphamvu n'kukaitula m'mabowo a mbali zonse ziwiri. Kawirikawiri kebuloyo imapulumuka, chomwe chimapsa ndi bowo la rauta kapena la kompyuta. Choncho ngati kunagunda ziphaliwali usiku, m'mawa intaneti ya pa kebulo palibe, Wi-Fi ikugwira, ndipo tesita yayatsa 1 mpaka 8, musavutikenso ndi kebulo. Isamutsireni pa bowo lina la rauta. Ikayaka, bowo loyambalo lafa, limateni ndi selotepi kuti wina asadzalowetsemonso. Ikapanda kuyaka pa mabowo onse, yesani kebulo yomweyo pa laputopu ya wina. Laputopu ikalumikiza, lapsa ndi bowo la kompyuta yanu, ndipo simufunika kusintha bodi yonse. Adaputa ya USB yokhala ndi bowo la Ethernet, kapena kadi ya netiweki yolowetsa m'bowo la PCIe la pa bodi mkati mwa kompyuta ya patebulo, imathetsa vutolo. Pogula adaputa dziwani kuti ya USB 2.0 nthawi zambiri imathera pa 100 Mbps, ya gigabit imafuna USB 3.0, bowo lomwe kawirikawiri mkati mwake ndi la buluu. Choteteza magetsi cha pasoketi sichiteteza kebulo ya intaneti. Kuyambira November mpaka March, mitambo ikayamba kuda pamwamba pa phiri, kuzula kebuloyo n'komwe kumateteza.

Tesita ikanena kuti kebulo ili bwino, maso anu atsimikiza kayalidwe, tinyale ta pabowo la kompyuta tikuyaka, koma masamba sakutseguka, ntchito ya kachipangizoka yathera pomwepo. Zotsalazo sizifuna kugula kanthu. Yambani mwaona bowo lomwe kebulo yalowa pa rauta. Marauta ambiri ali ndi bowo limodzi la WAN, kawirikawiri la mtundu wosiyana ndi anzake, lomwe ndi lolandirira intaneti, osati lopatsira kompyuta. Wosesa akazula makebulo n'kubwezera mwa chisawawa, amathera pamenepo. Kompyuta ipite pa LAN. Rauta ya Starlink ya m'badwo wachiwiri ilibiretu bowo la kebulo, imafuna adaputa yake yogula padera.

Kenaka lembani ipconfig mu Command Prompt, muyang'ane pansi pa Ethernet adapter. Ngati IPv4 Address ikuyamba ndi 192.168, rauta yapatsa kompyuta adiresi, ndipo nambala ya pa Default Gateway ndiyo adiresi ya rautayo. Marauta a Huawei a 4G nthawi zambiri amakhala pa 192.168.8.1, ena pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo zimalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pake. Ngati ikuyamba ndi 169.254, kompyuta inapempha adiresi koma sinayankhidwe, ndiye yadzipatsa yokha yosathandiza. Izi zimachitika kwambiri magetsi akangobwera kumene, kompyuta n'kudzuka msanga rauta isanakonzeke. Lembani ipconfig /release, kenaka ipconfig /renew, kapena zulani kebulo n'kubwezera. Zikakanika, zimitsani rauta kwa theka la mphindi, iyatseni, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu. Makompyuta ogula kale kumaofesi pena amabwera ndi adiresi yolembedwa pamanja ya netiweki ya komwe anachokera. Mu ncpa.cpl, dinani kumanja pa Ethernet, Properties, Internet Protocol Version 4, musankhe Obtain an IP address automatically, chimodzimodzinso pa DNS.

Adiresi ikakhala bwino, mayeso atatu a ping amakuuzani pomwe msewu wadukira. Yambani ndi ping ya adiresi ya rauta: ikayankha, m'nyumba muli bwino. Kenaka ping 8.8.8.8, yomwe ndi seva ya Google. Ikapanda kuyankha, vuto lili kunja kwa nyumba: bandulo yatha, SIM kadi yasuntha m'malo mwake, kapena netiweki ya m'deralo yagwa. N'zochititsa manyazi koma zoona kuti bandulo yotha yadulitsa timitu tambiri tosalakwa, choncho yambani mwaona balansi musanagwire chodulira. Ngati 8.8.8.8 ikuyankha koma ping google.com ikukana, vuto ndi DNS, yomwe imasandutsa mayina a masamba kukhala manambala. Lembani ipconfig /flushdns, ndipo zikapitirira ikani 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 pamalo a DNS. Ngati zonse zitatu zikuyankha koma browser ikudandaula za chitetezo pa tsamba lililonse, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bodi kakatha, kompyuta imaiwala deti nthawi iliyonse magetsi akathima, ndipo masamba otetezedwa amakana kutseguka pa deti lolakwika. Kabatire komweko kamapezeka kwa ogulitsa mawotchi.

Rauta yomwe imazima n'kuyaka yokha imaonekanso ngati kebulo yodukaduka. Tembenuzani adaputa yake ya magetsi muwerenge. Marauta ambiri amafuna 12V, ndipo m'nyumba momwe muli madikoda ndi mawailesi, maadaputa a mitu yofanana amasinthanitsidwa mosavuta. Ya 9V, kapena ya 12V koma ya ma ampere ochepa kuposa olembedwa pansi pa rauta, imayatsa tinyale koma imagonja rauta ikayamba kugwira ntchito yolemera.

Tesita yopanda chomangira timitu ndi theka la chida, poti ikakuuzani kuti pini 6 yafa muyenera kukonza. Mashopu ambiri amagulitsa pamodzi tesita, chomangira timitucho (crimping tool), kosendera ndi timitu ta RJ45. Kamangidwe kake ndi aka. Sendani chikopa chakunja masentimita atatu, mosamala kuti lumo lisatemere timawaya ta mkati, chifukwa kawaya kotemedwa kamathyoka patapita masiku. Ngati ndi Cat6, dulani kapulasitiki ka mtanda ka pakati. Masulani magulu, wongolani timawaya ndi zala, yalani mwa T568B, gwirani zolimba n'kudula mowongoka kuti patsale mamilimita 12 kapena 13 kuchokera pa chikopa. Kusiya totalika kuposa apo kumachotsa kupotana komwe kumafunika. Lowetsani m'kamutu mpaka nsonga zonse 8 zioneke zagunda kumapeto, ndipo chikopa chakunja chilowe mkati kuti chikapanidwe ndi dzino la pulasitiki. Werenganinso mitundu musanafinye, kenaka finyani mpaka chida chifike pamapeto. Kamutu komwe chikopa chathera panja, timawaya tili pambalambanda, kamayatsa tesita lero koma kadzazuka mwana akangokoka kebulo. Timawaya ta Cat6 timakhala tonenepa kuposa ta Cat5e, ndiye gulani timitu togwirizana ndi kebulo yanu, ndipo gulani toposa tomwe mukufuna, chifukwa kamutu kofinyidwa kale sikabwerera. Pa nyumba wamba Cat5e ya mkuwa weniweni imakwanira gigabit pa mamita 100, ndipo ndi yabwino kuposa Cat6 ya aluminiyamu.

Za kapangidwe ka tesitayo, palibe chonyadira. Pulasitiki wake ndi wopyapyala, ikagwa pa simenti chivindikiro cha batire chimathyoka timano. Mabowo ake amakhwepa akagwiritsidwa ntchito kwambiri, mapini a mkati amapindika, ndipo tesita imayamba kunamizira makebulo abwino. N'chifukwa chake m'kachikwama kake muzikhala kebulo yaifupi ya kufakitale yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino. Nambala yomweyomweyo ikamalephera pa makebulo osiyanasiyana, yezani imeneyo kaye. Tinyale sitioneka bwino padzuwa. Batire likafooka, ta mbali yaing'ono timazimiririka, makamaka pa kebulo yaitali, mpaka munthu kuganiza kuti mawaya aduka. Ilibe chozimitsa yokha, mukaiwala pa ON mudzapeza batire latha. Ndipo batire la 9V lija la makona anayi nthawi zambiri silikhala m'bokosi, komanso si gulosale iliyonse ya ku Limbuli kapena ku Luchenza yomwe imasunga, choncho gulani awiri komwe mwagula tesita. Mukamaisunga miyezi, chotsanimo batire lisadonthere mkati, poti chinyezi cha kuno sichichedwa kudyetsa timalata take dzimbiri.

Alipo matesita apamwamba. Ena ali ndi sikirini yosonyeza utali wa kebulo ndi mtunda womwe yadukira, zomwe zimapulumutsa munthu kukwawa denga lonse kufunafuna pomwe khoswe watafuna. Ena ali ndi kandodo kolira kotsatira kebulo m'khoma. Pamwamba penipeni pali zida monga za Fluke Networks zomwe zimayeza ngati kebulo ikukwanitsa liwiro lake, koma mtengo wake umafika madola masauzande, ndi za makampani oika netiweki. Amene amaika makamera kapena kuyala makebulo m'masukulu ndi m'maofesi kuti apeze ndalama, asathere pa 468, agule yoyeza utali komanso yozindikira magulu olekanitsidwa. Kumbali inayi, ngati kompyuta yanu ili patebulo limodzi ndi rauta pa kebulo ya mita imodzi ndi theka, tesita ndi kutaya ndalama. Sungani kebulo ina yapadera m'kabati, kusinthanitsa kumayankha funso lomwelo.

Oyenera kuigula ndi amene kebulo yawo yadutsa kudenga, m'khoma kapena panja pomwe sangaizule n'kuikapo ina, amene ali ndi makompyuta angapo monga pamalo otayipira ndi kusindikiza, ndi aliyense amene wayamba kumanga timitu yekha. Popita kukagula tengani batire ndi kebulo yaifupi yomwe mukuidziwa, muyezere pakauntala pomwepo musanalipire. Tinyale tonse 8 tiyake mofanana mbali zonse, switchi ya S ichedwetsedi, ndipo kamutu kalowe n'kumveka kuti katseka m'mabowo onse awiri. Mashopu ambiri salandiranso katundu wotereyu akatuluka pakhomo, ndipo thiransipoti yobwerera ku Limbe kukasintha tesita yobadwa ndi kanyale kakufa ikhoza kudya ndalama zomwe munaganiza kuti mwapulumutsa.